MATHIRIPISI A M'MASAMBA OUMA, NDI KUWASIYANITSA KWACE NDI OONONGA MBEU

Pa miyezi ya September ndi October, pamene dzuwa litentha kolimba ndipo mvula ikali kutali, alimi a m'madimba aona masamba a anyezi ao ali kutuwa monga ngati wina wawapaka phulusa. Akatsegula pakhosi pa anyezi, pamene paturukira masamba atsopano, apezapo tizirombo tacikasu tating'ono ndithu, tothamanga msanga. Tizirombo iti alangizi a zaulimi aticha mathiripisi. Tsono mlimi yemweyo akafukula masamba ouma amene anaphimba nao nthaka, kapena mulu wa zinyalala patsinde pa mango, apezamonso tizirombo tofanana nato, nayesa kuti wapeza mudzi wa adani ace. Pomwepo athamangira moto. Phunziro ili lalembedwa kuti mlimi ayambe wapenyetsetsa asanayatse motowo, pakuti kawiri-kawiri tizirombo tophedwato tiribe mlandu, ndipo cimene cisauka ndi nthaka yace.

MAONEKEDWE AO

Kathiripisi kamodzi ndi kakang'ono koposa nyerere. Utali wace ndiwo milimita 1 kapena 2, ndiko kunena kuti sikapitirira kunenepa kwa mtengo wa macesi, ndipo thupi lace ndi lowonda ngati kacitsotso. Kali ndi miyendo 6 ndi tinyanga tiwiri tatifupi. Mapiko ace ndi anai, opyapyala ngati luzi, ndipo m'mbali mwace muli ubweya wautali wondandama bwino. Cifukwa ca ubweya umenewu, munthu wophunzira wa ku Ireland, dzina lace Haliday, m'caka ca 1836 anacha pfuko lonse la tizirombo iti Thysanoptera, ndiwo mau a Cigriki otanthauza mapiko a mphonje. Pakamwa pace pali cinthu codabwitsa: kali ndi cibwano ca kumanzere cokha, conga singano, ndipo ca kumanja sicikula konse. Ndi singanoyo kaboola, ndipo pamenepo kayamwa madzi a m'katimo.

Mitundu ya mathiripisi imene yalembedwa maina pa dziko lonse lapansi iposa 6,000. Mwa iyo, imene ionongadi mbeu za anthu siifika 100. Pafupi-fupi theka la mitundu yonseyo silikhudza tsamba laliwisi masiku onse a moyo wace, koma lidya cuku ndi tibowa tomera pa masamba akufa ndi pa nthambi zobvunda.

M'zinyalala muli anthu ambiri, tikati tinene mophiphiritsa, ndipo si onse ali mathiripisi. Kacirombo koyera kofewa kamene kadumpha ngati utitiri mukakakhudza ndi ka mtundu wina. Kozungulira ngati nkhupakupa yaing'ono, ka miyendo 8, nakonso ndi kena. Kathiripisi kayenda molunjika, kapenda mutu uku ndi uku, ndipo kakaopsedwa kakweza mcira wace m'mwamba ngati cinkhanira, ngakhale kalibe mbola.

MAFUKO AWIRI

Haliday yemweyo anagawa mathiripisi m'mafuko awiri, ndipo magawidwe acewo akali kugwira nchito kufikira lero. Cizindikiro cace ciri kumcira. Kuti mucione bwino mufunika galasi lokuza zinthu kakhumi, longa limene alangizi ena ayenda nalo m'thumba. Koma pa mathiripisi akuru, munthu wa maso abwino akhoza kuciona popanda galasi, akaika kacirombo pa mbale yoyera padzuwa.

Pfuko loyamba ndilo Terebrantia. Thupi la wamkazi litha ndi nsonga yonga ya pensulo, ndipo kunsi kwace kuli kampeni ka mano ngati sowo. Ndi kampeniko aceka tsamba kapena duwa, nabisa dzira m'kati mwace, mmene mvula ndi mankhwala sizifika. Akapumula, mapiko ace agona pamsana mopenyana, lina pambali pa linzace. M'pfuko ili ndimo muli adani a mlimi pafupi-fupi onse.

Pfuko laciwiri ndilo Tubulifera. Thupi la mwamuna ndi la mkazi lomwe litha ndi kampope koongoka, ngati kabango kakang'ono, ndipo kunsonga kwace kuli ubweya wozungulira. Alibe kampeni kocekera, cifukwa cace aikira mazira ao poyera, pamwamba pa tsamba louma kapena m'ming'alu ya khungwa. Mapiko ao, ngati ali nao, asanjikizana limodzi pamwamba pa linzace, kotero kuti pamsana paoneka ngati mzere umodzi. Pfuko lonseli liri ndi banja limodzi lokha, Phlaeothripidae, koma banjalo ndi lalikuru koposa ena onse, pakuti mitundu yace iposa 3,500. Mathiripisi ambiri amene mudzawapeza m'masamba obvunda a msuku, a mombo ndi a mango ndi a banja limeneli.

ANTHU A M'ZINYALALA

Mukacotsa masamba ouma a pamwamba, mufika pa ena acinyezi omamatirana, olukidwa ndi timizu toyera tonga ukonde wa kangaude. Timizu timeneti ndito thupi leni-leni la bowa. Bowa amene amai azula m'dzinja ndiye cipatso cace cabe. Apa ndipo pali munda wa mathiripisi a m'zinyalala, ndipo ophunzira awagawanso pawiri monga mwa zakudya zao.

Ena ayamwa madzi a m'timizu toyerato. Iwo ndi ang'ono, abulauni kapena acikasu, ndipo singano za pakamwa pao ndi zowonda kwambiri. Ena ameza timbeu ta bowa tathunthu, pfumbi lija limene bowa abala nalo. Singano zao ndi zotakata kuti timbeuto tipite. Awa ndiwo Idolothripinae, ndipo ndiwo zimphona za mtundu wonse, akuda bii, ena a iwo otalika kuposa mamilimita 5. Ku Australia kuli wina wofika pafupi ndi mamilimita 14. M'maiko a Africa, a mtundu wochedwa Elaphrothrips akonda masamba ofota amene akali lende pa nthambi yothyoka. Mukagwedeza nthambi yotere pamwamba pa nsaru yoyera, mudzaona akuru akuda pamodzi ndi ana ao ofiira ngati magazi. Kufiira kumeneku kuopsa anthu ena, koma ndi khungu cabe la ana a banja ili.

Kuchula dzina la mtundu uli wonse wa mathiripisi awa ndi nchito yobvuta, ngakhale kwa akatswiri. Ambiri a m'zinyalala alibe mapiko, pakuti cakudya ciri pomwepo ndipo safuna ulendo; koma mwa ana a mai mmodzi, ena akhoza kumera mapiko ndi ena ai. Amuna naonso asiyana. Wina akula ndi miyendo yakutsogolo yonenepa, yokhala ndi minga, imene amenyana nayo ndi anzace polimbirana malo a mazira. Mbale wace akhala wowonda ngati mkazi. Cifukwa ca ici, kale ophunzira anapatsa mtundu umodzi maina awiri kapena atatu, poyesa kuti ndi mitundu yosiyana, ndipo obwera m'mbuyo mwao akali kukonza zimenezi. Mmodzi wa amene analemba maina a mathiripisi ambiri a kumwera kwa Africa ndiye J. C. Faure wa ku Pretoria, yemwe adziwikanso ndi maphunziro ace a dzombe a m'caka ca 1932. Kuti atsimikize dzina, katswiri ayamba wanyika kacirombo m'mankhwala kuti kayere m'kati, nakagoneka pa galasi, nawerenga mfundo za tinyanga, ubweya wa pamsana ndi utali wa kampope. Mlimi safunikira kufika pamenepo. Kwa iye kukwanira kudziwa pfuko, ndi malo amene kaciromboko kapezedwa.

Nanga phindu lao nciani? Tisakuze nkhani: ciswe, nyongolotsi ndi bowa ndiwo agwira nchito yaikuru yosandutsa masamba kukhala nthaka, ndipo mathiripisi ali ndi gawo laling'ono. Koma pamene iwo acuruka, ndiye kuti masamba ali kubvunda bwino ndipo cinyezi ciripo. M'malo omwemo mukhalanso akangaude ang'ono, tizikumbu, ndi tizirombo tina tolusa timene tidya ana a mathiripisi oononga akagwera pansi.

ADANI ENI-ENI

Wa pa anyezi dzina lace ndi Thrips tabaci, limene Lindeman anampatsa m'caka ca 1889 atampeza pa fodya. Ndi wacikasu kapena wotuwa, wa milimita imodzi yokha. Pamene wayamwa patsala mawanga oyera onyezimira ndi timadontho takuda, ndito zonyansa zace. Nyengo yotentha, kucokera pa dzira kufikira pa wamkuru papita masabata awiri kapena atatu, ndipo wamkazi akhoza kubala popanda mwamuna. Ndico cifukwa cace dimba limene linali labwino pa ciyambi ca mwezi lituwa mwezi usanathe.

Wa m'maluwa a khobwe ndi kayera ndiye Megalurothrips sjostedti. Akacuruka maluwa ayoyoka, ndipo mlimi aona masamba obiriwira bwino koma zitheba palibe. Iyeyu ndi wakuda wonyezimira, ndipo apa ndipo alimi ayenera kucenjera: kuda kapena kuyera kwa khungu sikuweruza mlandu. Tsegulani duwa, mumgwetsere pa mbale, ndipo mudzaona kuti kumcira kwace kulibe kampope.

Coipa cina ca pfuko ili ndi kunyamula matenda. Pali nthenda ya matimati, fodya ndi mbeu zina imene inaoneka poyamba ku Australia m'caka ca 1915. Masamba acita mawanga ofiirira ngati mkuwa, mbeu ipinimbira, ndipo zipatso zicita timizere tozungulira. Kathiripisi katenga nthendayi kakali kamwana, poyamwa mbeu yodwala, ndipo kaifalitsa moyo wace wonse. Mitundu yocita izi siifika 20, ndipo yonse ndi ya Terebrantia. Mwa odya bowa mulibe ndi mmodzi yemwe. Musasokoneze nthenda iyi ndi kadukutu wa nshawa, pakuti ameneyo abwera ndi nsabwe za m'masamba.

Pali zinthu ziwiri zimene zipatuka pa lamulo la kampope, ndipo nkoyenera kuzidziwa. Coyamba, a mtundu wa Haplothrips ali ndi kampope, koma akhala m'maluwa a udzu, a mapira ndi a zomera zina, ndipo ena a banja lomwelo apinda masamba a mitengo ya mtundu wa mkuyu. Caciwiri ncofunika koposa. Mwana wa thiripisi wa pa anyezi kapena wa pa khobwe akakhuta, atsikira pansi nabisala m'nthaka kapena m'zinyalala za patsinde pa mbeuyo, nakhala masiku owerengeka osadya, kufikira atamera mapiko. Motero zotsala za anyezi wodwala, ndi udzu womera m'mbali mwa bedi, zikhozadi kusunga mdani. Masamba otoledwa kuchire kapena pansi pa mango ndi nkhani yina.

KAFUFUZIDWE KACE

Tengani masamba acinyezi a pansi odzaza manja awiri, makamaka m'dzinja kapena mvula itangoleka. Muwaike m'sefa, ndi kugwedeza pamwamba pa nsaru yoyera kapena mbale yoyera yacitsulo. Musafulumire kutaya zogwerazo. Mathiripisi ayamba akhala cete ngati zitsotso, ndipo patapita kanthawi, dzuwa likawaomba, ayamba kuyenda. Njira yina ndiyo kusiya sefayo padzuwa tsiku lonse, pamwamba pa mbale ya madzi pang'ono a sopo; pamene masamba auma kucokera pamwamba, tizirombo tithawira kunsi ndi kugwera m'madzimo. Nzeru iyi inayamba ndi Antonio Berlese wa ku Italy m'caka ca 1905, amene anafunditsa zinyalala ndi madzi otentha, ndipo Tullgren wa ku Sweden anaikonzanso m'caka ca 1918 poika nyali pamwamba.

Citaninso cimodzi-modzi ndi mbeu za m'dimba: gwedezani anyezi kapena maluwa a khobwe pa mbale yina, ndi kulinganiza mbale ziwirizo. Ngati mufuna kuti mlangizi aone, nyowetsani nsonga ya nthenga, mutole nayo tizirombo, ndi kutiika m'kabotolo ka sipiriti. Lembani pa kapepala dzina la mudzi, tsiku, ndi mtengo kapena mbeu imene mwatipezapo. Lembani ndi pensulo, pakuti inki isungunuka m'sipiriti. Kacirombo kopanda kalata yotere kali ngati mboni yosadziwa kwao. Mlangizi akalephera, akhoza kutumiza kabotoloko ku malo ofufuza za ulimi, monga Msekera pafupi ndi Chipata, kapena Mount Makulu ku Chilanga.

ZOCITA M'DIMBA NDI KUCHIRE

Mukakolola anyezi, sonkhanitsani masamba ndi makoko ace, muwakwirire mozama kapena muwatenthe pamalo amodzi, ndipo mugaule bedilo kuti ana obisala m'nthaka aonongeke. Musafese nazale yatsopano pambali pa anyezi akale, pakuti mphepo yokha ikwanira kusamutsa tizirombo. Thirirani kawiri-kawiri ndi keni ya cisefa kuti madzi agwere pa masamba, popeza mvula yamphamvu ndiyo icepetsa mathiripisi m'dzinja. Zulani msanga matimati odwala mawanga. Za mankhwala opopera funsani mlangizi, cifukwa mathiripisi azolowera msanga mankhwala amodzi-modzi obwerezedwa, ndipo mankhwalawo aphanso tizirombo tolusa timene tikadakuthandizani.

Masamba a mitengo asiyeni aphimbe nthaka, kapena muwaunjike m'dzenje la manyowa. Za moto wa kuchire, mayesero amene anayambidwa ku Ndola m'caka ca 1933, nalembedwa ndi Trapnell m'caka ca 1959, anaonetsa kuti moto wocedwa wa m'cilimwe, ukabwerezedwa caka ndi caka, upha mitengo ya mombo ndi inzace, pamene moto woyambirira, udzu usanaumitse, uisiya yamoyo. Moto wa October unyeketsa zinyalala kufikira pa dothi, ndipo mathiripisi opanda mapiko sakhoza kuuthawa. Ngati mudzi uyenera kutentha chire, mfumu ndi anthu ace apangane kutentha m'miyezi ya May ndi June, madzulo mphepo italeka.