Chigumu cha Mgaiwa Chophika Pakhomo

Pamsika wa Nchalo, pa Dyeratu, pa Ngabu ngakhale pa Bangula sipasowa mayi wokhala pambali pa beseni lovundikira nsalu, akugulitsa chigumu chodula m'mapisi. Ogula ake ndi a kabaza, ana a sukulu ndi ogwira ntchito m'minda ya nzimbe amene alawira osalawa kanthu. Ena amachitchula chikondamoyo, ena chimimina. Chimagwira m'mimba mpaka dzuwa lifike paliwombo. Chodandaulitsa n'chakuti mabanja ambiri amachiona ngati cha pamsika pokha, kunyumba ana n'kumapita kusukulu ndi njala podikira tsiku limene ndalama ya buledi idzapezeke. Pafupifupi tirigu yense wopangira buledi m'Malawi muno amachokera kunja, n'chifukwa chake mtengo wake umakwera kwacha ikangogwa. Koma chimanga, nthochi, mtedza, chitowe, malambe ndi mkaka zili m'chigwa cha Shire momwe muno.

Ufa wake

Chigumu chabwino chimayamba ndi mgaiwa. Ufa woyera umakoma pa nsima, palibe angatsutse, koma chimanga chikakonoledwa, n'kuviikidwa masiku angapo, n'kuyanikidwa, gaga ndi kamtima kake zimachoka. M'kamtimako ndi mmene muli mafuta ndi mavitamini. Mgaiwa umasunga zonsezi, ndipo chigumu chake chimakhala chofewa ndi cha fungo lokoma. Wophika angopempha kuchigayo kuti amugayire wosalala, ndipo ausefe asanayambe.

Komabe mgaiwa wokha sukwanira, ndipo chigwa chino chili ndi umboni wowawa. Akuluakulu a ku Nsanje akukumbukira zaka zimene othawa nkhondo a ku Mozambique anadzaza m'misasa ya Nyamithuthu ndi Mankhokwe. M'chaka cha 1990 mtedza umene unkagawidwa pamodzi ndi ufa unasiya kubwera kwa miyezi ingapo. Anthu pafupifupi 18,000 m'misasa ya kum'mwera kwa dziko lino anadwala pelagra: khungu la m'khosi, m'manja ndi kumapazi kuda ndi kung'aluka, kutsekula m'mimba, ena mpaka kusokonezeka mutu. Chakudya chinalipo, koma chinali chimanga chokhachokha. Vitamini wa niacin amene ali m'chimanga thupi limalephera kumutenga bwino, pamene mtedza uli naye wochuluka. Ichi ndicho chifukwa chake ndi bwino kuti m'chigumu muzilowa nsinjiro. Theka la kapu pa makapu atatu a ufa ndi lokwanira. Kumene mtedza wavuta, chitowe chokazinga n'kusinja chimathandiza. Alimi ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje amachilima, kenaka n'kugulitsa chonse kwa mavenda osasiyako ngakhale mbale imodzi ya ana.

Chaka cha ng'amba, chimanga chikapsa m'munda mapira ndi mchewere n'kupirira, kapu imodzi mwa atatuwo ikhoza kukhala ya ufa wa mapira. Chigumu chimadera ndi kulemererako, koma chimadyeka bwino. Amene analima chimanga cha olenji kapena mbatata yofiira m'kati ali ndi mwayi wina, popeza zonsezi zili ndi vitamini A woteteza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana. Mbatata yophika n'kuinyenya imalowa m'malo mwa nthochi popanda vuto.

Soda amafuna chowawasa

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ufa wa chimanga ulibe ulimbo uja wa mu tirigu umene umagwira mpweya kuti buledi afufume, choncho yisiti sathandiza kwenikweni. Chofufumitsa chigumu ndi soda. Koma soda safufumitsa bwino payekha. Amatulutsa mpweya akakumana ndi chinthu chowawasa, ndipo mpweyawo ndi umene umapanga timabowo m'kati. Mayi akaona kuti chigumu sichikufufuma, kawirikawiri amawonjezera soda. Zotsatira zake n'zodziwika: chigumu chachikasu moderako, chonunkha sopo, chowawa kukhosi. Soda wambiri amawononganso vitamini B1 amene anali mu mgaiwa uja.

Supuni imodzi ya tiyi, yosasefukira, ndi yokwanira makapu atatu a ufa. Chosowa chimakhala chowawasa, ndipo chigwa chino sichisowa zowawasa. Kumene kuli ng'ombe, monga madera ozungulira Ngabu, chambiko ndiye woposa zonse chifukwa amabweretsanso zomanga thupi. Kumene kulibe, malambe oviika m'madzi ofunda n'kusefa amagwira ntchito yomweyo. Bwemba woviika nayenso amatero, ngakhale amaderetsa chigumu ndipo amafuna kuchepetsako. Theka la ndimu lofinyira mu mkaka wamba limausandutsa wowawasa m'mphindi zochepa. Madzi oviikira malambe kapena bwemba akhale owiritsa kapena othira kolorini.

Kasakanizidwe kake n'kosavuta. M'beseni loyera wophika asakanize makapu atatu a mgaiwa, theka la kapu ya nsinjiro, soda uja, theka la supuni ya tiyi ya mchere ndi masupuni aakulu atatu a shuga. M'mbale ina anyenye nthochi zinayi zakupsa kwambiri, zija makoko ayamba kuda zimene pamsika amagulitsa motchipa. Athiremo masupuni aakulu atatu a mafuta ophikira, dzira limodzi ngati lilipo, ndi kapu imodzi ndi theka ya chambiko kapena madzi a malambe. Nthochi zikapsa chonchi shuga wochulukirapo safunika. Shuga wa kufakitale ya Nchalo ndi mafuta a m'botolo zimathiridwa vitamini A, mchere wa m'paketi uli ndi ayodini, koma zimenezi si chifukwa chothirira mopyola muyeso.

Zamadzi zikathiridwa mu ufa, avundule ndi mthiko mpaka ufa wouma usaoneke, basi. Zikhale zolimba ngati phala la mwana wamkulu, zotsika pa mthiko mwaulesi. Mpweya umayamba kutuluka pomwepo, moti zosakaniza zikakhala theka la ola podikira moto, chigumu chimatuluka chophwatalala. Moto uyambe kuyatsidwa, poto apakidwe mafuta, kusakaniza kubwere pomaliza.

Moto wa pamwamba ndi wa pansi

Uvuni safunika. Poto wa pansi pochindikala ndi chivundikiro chachitsulo n'zokwanira. Pansi pa poto ayalepo tsamba la nthochi lowaula pang'ono pamoto, kuti chigumu chisamatirire ndi kupserera. Zosakaniza zifike theka la poto, chifukwa zifuna malo ofufumira.

Lawi la moto ndi mdani wa chigumu. Chimafuna makala amene ayaka kale n'kuyamba kuyera phulusa. Ambiri a makalawo aikidwe pamwamba pa chivundikiro, pansi patsale ochepa chabe omwazikana. Wophika akasinthanitsa, pansi pamapserera pakati padakali phala. Pa mbaula ya chitetezo, nthawi yabwino ndi pamene nsima yaphulidwa: dothi la mbaula likadali lotentha, makala otsala akwera pachivundikiro, ndipo palibe nkhuni ina yoonongeka. M'chigwa momwe mitengo ikutha ndipo thumba la makala lakwera mtengo, zimenezi si zazing'ono. Zitsononkho ndi mapesi a nandolo zimapereka makala okwanira ntchitoyi.

Ena amathira mchenga wouma wa kumtsinje mu poto wamkulu, n'kuutenthetsa, n'kukhazikapo chitini cha chigumu, n'kuvundikira. Mchenga umagawa kutentha mofanana. Chitinicho chikhale cha zakudya basi. M'dera la alimi a thonje muno, zitini ndi migolo imene munali mankhwala opopera zimapezeka pakhomo paliponse, ndipo ngakhale zitatsukidwa kangati siziyenera kuyandikira chakudya. Lata lopaka penti nalonso lisakhale chivundikiro.

Kwa mphindi 20 zoyambirira chivundikiro chisatsegulidwe. Pakatha mphindi 35 mpaka 45 fungo limadziwitsa lokha, m'mbali mumayamba kusiyana ndi poto, pamwamba pamafiira n'kung'aluka pang'ono. Mpeni woyera ukalowa pakati n'kutuluka wouma, chapsa. Ukatuluka ndi phala, makala ena akwere pamwamba. Amene ali ndi uvuni wa magetsi aike pa madigiri 180. Chikaphulidwa chizizire kaye chisanadulidwe, apo ayi chimanyenyeka.

Chuku sichipsa

Madzi osefukira a mu 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 ananyowetsa chimanga m'nkhokwe ndi m'matumba m'midzi yambiri ya m'mbali mwa Shire, Ruo ndi Mwanza. Pa nthawi zotere banja limamva chisoni kutaya chimanga, ndipo ena amaganiza kuti shuga ndi nthochi zibisa fungo. Fungo libisikadi, koma poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, satha ndi moto wophikira. Amaononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo amathandizira kupinimbira kwa ana. Popeza mgaiwa umagayidwa ndi gaga yemwe, kusankha n'kofunika kwambiri: njere zowola, zobiriwira, zofumbwa ndi zosintha mtundu zichotsedwe chimanga chisanapite kuchigayo. Mtedza wofota, wosweka ndi wowawa usalowe mu nsinjiro. Mgaiwa suchedwanso kuyamba kununkha chifukwa cha mafuta ake, choncho ndi bwino kugayitsa wa sabata ziwiri zokha.

Kutentha kwa chigwa chino, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, sikulola chigumu kukhalitsa. Cha nthochi ndi chambiko chidyedwe pasanathe masiku awiri. Chikazizira chisungidwe m'mbale yovundikira nsalu yoyera pamalo opita mphepo. M'jumbo yomanga chimachita thukuta n'kuyamba kunanda pofika mawa lake. Chikayamba kutuluka timaulusi pochinyema, chaonongeka, ndipo chisaperekedwe kwa mwana. Mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi ndipo akuyamwabe angapatsidwe kachidutswa konyenya mu mkaka wowiritsa. Wa sukulu anyamule mapisi awiri, ndi bango kapena masau ochepa nyengo yake ikakwana.