Amagona pakhonde koma sukulu sanaisiye

Azakhali,

Ndimakhala ku Mbayani ndipo ndimagulitsa masamba ndi tomato pamsika wa Chemusa. Pali mnyamata wa sitandade 5 amene amagona pakhonde la golosale pafupi ndi benchi yanga. Mayi ake anamwalira, lendi itasowa wolipira eni nyumba anatulutsa katundu. Kusukulu amapitabe, wopanda yunifolomu, makope ali m'jumbo. Ndikapeza ndimam'patsa chakudya, koma nanenso ndili ndi ana anayi. Nditani?

Mayi wodandaula, Mbayani

Mayi,

Mwachita bwino kum'patsa chakudya, koma chimene mwanayu akusowa kwambiri ndi munthu wamkulu womuyankhulira. Ana a m'sukulu za m'makwalala athu ndi ochuluka zedi, mphunzitsi mmodzi sangadziwe kumene aliyense wagona. Mwana wopanda kholo lobwera kumisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi amangosowa mwakachetechete, dzina lake n'kufufutidwa m'kaundula.

Choyamba chezani naye. Mumufunse ngati kuli achibale, kwawo kwa mayi ake n'kuti, ndiponso ngati pali amene akumuzunza usiku. Mumuuze zimene mukufuna kuchita, asaone ngati mukukamunenera.

Kenako tsekani benchi m'mawa umodzi, mupite naye kwa ahedi. Musapite ngati wopempha chifundo. Maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kukhala pasukulu ya pulayimale. Kusowa yunifolomu si chifukwa chobwezera mwana kunyumba, makamaka amene alibe n'komwe nyumba yobwererako. Pemphani kuti alembedwe pa mndandanda wa ana amasiye ndi ovutika, chifukwa ndalama zimene boma limatumiza zotukulira sukulu zili ndi gawo lothandizira ana otere. Mufunsenso za gulu la amayi a pasukulupo ndi komiti ya sukulu. Amayiwa ndiwo amalondola mwana akayamba kujomba. Ngati pasukulupo pali phala la Mary's Meals, muonetsetse kuti ali ndi kapu yake. Zingaoneke zazing'ono, koma phalalo ndilo limakoka ana ambiri anjala kuti afike m'kalasi. Ahedi akapanda kukumverani, pamwamba pawo pali a PEA, mlangizi wa sukulu za m'chigawocho.

Nkhani ya pogona ndiyo yandisowetsa mtendere. Mwana wogona pamsika amakumana ndi mvula, akuba, ndi anyamata akuluakulu omutuma zoipa, ndipo sangapirire choncho mpaka mayeso a sitandade 8. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati mwana wosowa womusamalira ndi udindo wa boma. Choncho dziwitsani amfumu a dera lanu, kenako mupite ku ofesi ya Social Welfare ya boma la Blantyre. Iwo ndiwo angafufuze achibale kapena kum'pezera malo ovomerezeka. Mumzindamu mulinso Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust, mabungwe amene akhala akugwira ntchito ndi ana a m'misewu kwa zaka zambiri. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, mungaimbe ngakhale lero. Ngati wina wamuchitira nkhanza, pitani ku Victim Support Unit kupolisi osadikira.

Mtima ungakuuzeni kuti mungomutenga akagone ndi ana anu. Ngati mungathe, sindikuletsani, koma amfumu ndi a Social Welfare adziwe kaye, kuopa kuti mawa achibale angadzakunamizireni kuba mwana. Ndipo musasenze nokha. Uzani amayi anzanu a pamsika ndi a kumpingo kapena kumzikiti: wina sopo, wina makope, wina malo ochapira.

Kumaofesi mudzauzidwa kuti mubwerenso. Mubwerenso ndithu, ndipo ulendo uliwonse muzilemba tsiku ndi dzina la amene mwakumana naye, kuti mukadzafika kwa wina mudzakhale ndi poyambira.

Azakhali