Madzi a pa mjigo angawononge mafupa?

Funso: Adokotala, kwathu ku Balaka timamwa madzi a pa mjigo, ndipo ana ambiri mano awo ali ndi madontho ofiirira. Kodi madzi amenewa angafikenso m'mafupa?

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Kawirikawiri madontho otero amadza ndi fluoride, mchere wosungunuka m'madzi kuchokera m'miyala ya pansi panthaka. Bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Akachulukitsa kwa zaka zambiri amaunjikana m'mafupa: msana umauma, mfundo zimapweteka, munthu mpaka kulephera kuwerama polima. Ana ena miyendo imapindika.

Kuwiritsa madzi kapena kuthira kolorini sikuchotsa fluoride ayi. Chonde pemphani a zamadzi m'boma lanu adzayeze mjigowo. Akampeza wochuluka, madzi akumwa ndi ophikira muzikatunga kwina.