Phunziro la Mwezi Uno: Amayi ngati Alonda a Damu la M'mudzi

Kuwerenga Mawu: Nehemiya 3:6-15, Ezekieli 33:1-6, Deuteronomo 22:8

Phunziro ili likukhudza makamaka ife a kunsi kwa phiri la Zomba, kuyambira ku Malosa ndi Domasi, kutsikira kwa Kuntumanji ndi kwa Mwambo mpaka ku doko la Kachulu. Dera lathu limadziwa mavuto awiri, chilala ndi kusefukira kwa madzi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imangolandira kuchokera ku Domasi, Songani, Likangala, Thondwe ndi mitsinje ina, ndipo mvula ikasowa imaphwa monga inachitira mu 1968, 1995 ndi 2018. Mvula ikachuluka, monga mu Januwale 2015 ndi mu Marichi 2023 pa namondwe Freddy, madzi omwewo amalowa m'nyumba ndi kukokolola mpunga m'minda. Walira mvula walira matope.

N'chifukwa chake timayamika Mulungu pa madamu ang'onoang'ono a dothi amene ali m'midzi ina ndi m'maesiteti. Timachapa kumeneko, timathirira ndiwo zamasamba, ng'ombe ndi mbuzi zimamwa komweko. Koma ndi angati a ife amene anaimapo pa khoma la damu n'kudzifunsa kuti likagumuka usiku madziwo adzayambira nyumba ya yani?

Pa Nehemiya 3 tikuwerenga mayina a anthu amene anakonza linga la Yerusalemu, banja lililonse gawo lake. Ndime 12 ikutiuza za Salumu amene anagwira ntchitoyo pamodzi ndi ana ake aakazi, ndipo ndime 15 ikutchula khoma la dziwe la madzi. Choncho kukonza khoma si nkhani ya abambo okha. Ezekieli akunena za mlonda woona ngozi ikubwera: akachenjeza anthu wadzichotsera mlandu, koma akakhala chete magazi a ophedwawo adzafunsidwa kwa iye. Lamulo la pa Deuteronomo likulamula womanga nyumba kuti atchinge m'mbali mwa denga kuopa kuti munthu angagwe. Mulungu amatiwerengera mlandu osati pa zoipa zimene tachita zokha, komanso pa ngozi imene tinaiona ikudza ife n'kungoyang'ana kumbali.

Tiyeni timvetse kaye m'mene damu limatitetezera. Mvula yamphamvu ikagwa, madzi amathamangira kukhwawa nthawi imodzi. Damu limawagwira, kenaka n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, kotero kuti kumunsi mtsinje sukwera modzidzimutsa. Koma damu lili ngati mtsuko: limalandira madzi molingana ndi malo amene atsalamo. Mu Disembala, litaphwa ndi dzuwa la Okutobala, limatha kumeza mvula yoyamba yonse. Pofika Febuluwale ndi Marichi limakhala litadzaza kale, ndiye madzi onse olowa ayenera kutuluka. Tisadzinamize kuti popeza kumtunda kuli damu ndiye kuti tingamange nyumba m'khwawa. Madzi saiwala khwawa.

Taganizirani kuchuluka kwa madziwo. Mvula ya mamilimita 100 ikagwa pa hekitala imodzi yokha, ndi malita 1,000,000, kutanthauza ndowa 50,000 za malita 20. Ena amalowa pansi, koma kumene mitengo inatha ndi makala ndiponso nthaka yakhuta kale, ambiri amathamangira ku damu atasenza dothi la m'minda. Dothilo limakhazikika pansi chaka ndi chaka mpaka damu limene linali lakuya limasanduka thamanda. Pamwamba limaoneka lodzaza bwino koma malo olandirira madzi osefukira atha.

Chimene chimapulumutsa damu la dothi ndi ngalande yotayira madzi, ija imakumbidwa pambali pa khoma, motsikirapo kusiyana ndi pamwamba pa khomalo. Damu likadzaza, madzi otsala amadutsa mmenemo. Khoma la dothi silipirira madzi oyenda pamwamba pake. Akangoyamba kudumphira kuseri amakumba kangalande, kangalandeko n'kumakula, ndipo pa maola ochepa khoma lonse limang'ambika. Apa ndi pamene tiyenera kulankhula mosabisa, chifukwa olakwa nthawi zambiri ndife eni ake. Pofuna madzi ambiri a m'dimba, ena amatseka ngalandeyo ndi matumba a mchenga. Ena amadzalamo nzimbe ndi nthochi poti ndi pa chinyontho. Ena amatchingamo ndi ukonde kapena mono kuti nsomba zisathawe, ndiye zinyalala zimakodwa pamenepo n'kutseka njira. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka, pakuti njala ndi yowawa, koma wotseka ngalande yotayira madzi watchera msampha anthu onse a kumunsi, kuphatikizapo ana ake omwe.

Zimenezi si nthano. Mu Meyi 2018 damu la dothi la pa famu ina ku Solai, m'dziko la Kenya, linagumuka usiku mvula itagwa kwambiri, ndipo anthu oposa 40 anafa, ambiri mwa iwo ana. Kwathu konkuno, mu Marichi 2019, mvula itagwa masiku angapo osakata, akuluakulu a boma anachenjeza anthu okhala kumunsi kuti damu la Chagwa la pa phiri la Zomba linali pa chiopsezo chogumuka. Tikumbukire kuti madzi ochokera paphiripo amatsika ndi Mulunguzi, n'kulowa mu Likangala, n'kudzadutsa m'midzi ndi m'minda yathu ya mpunga asanafike ku nyanja. Agogo athu amasimba za Napolo wa mu 1946 ku Zomba, ndipo ambiri a ife tikukumbukira za ku Phalombe mu 1991. Chakudza sichiimba ng'oma, amatero akuluakulu, komabe damu la dothi kawirikawiri limayamba laonetsa zizindikiro, ndipo woyamba kuziona ndi amene amafikako tsiku ndi tsiku. Ameneyo si injiniya wa ku boma, si a mfumu, si abambo a kunyumba. Ndife amayi ndi beseni la zochapa pamutu.

Ndiye tikafika ku damu tiziyang'ana chiyani? Choyamba tizizungulira kuseri kwa khoma, mbali yosakhudza madzi. Damu lililonse la dothi limachita chinyezi pang'ono kumunsi kwake, ndipo timadzi toyera totuluka mofanana chaka chonse sitoopsa kwenikweni, ngakhale kuti tiyenera kumationetsetsa. Koma madziwo akayamba kutuluka amatope, kapena kasupeyo akamakula tsiku ndi tsiku, ndiye kuti madzi akuboola khoma mkati ndipo akutuluka ndi dothi la khomalo. Imeneyo ndi nkhani yokanena tsiku lomwelo, osadikira msonkhano. Chimodzimodzi tikaona ming'alu pamwamba pa khoma, malo otitimira, dothi logumukira pansi, kapena madzi akuzungulira ngati kamvuluvulu pafupi ndi khoma.

Pali adani ena ogwira ntchito mwakachetechete. Chiswe chikamanga chulu pakhoma chimaboola njira mkati mwake. Mbewa ndi nkhanu zimakumba mauna, ndipo anyamata okumba mbewa amawonjezera. Mtengo womera pakhoma umaoneka wabwino chifukwa cha mthunzi, koma mizu yake imalowa mkati, ndipo ukauma kapena kuzulidwa ndi mphepo umasiya njira ya madzi. Tiana ta mitengo tizizula tidakali tating'ono. Ukakhala waukulu kale tisaudule patokha, tiyambe taitana alangizi a zamthirira adzaone. Pakhoma pamafunika udzu waufupi wogwira dothi monga kapinga, osati chimanga kapena mbatata. Ng'ombe zikhale ndi pomwera pawo kutali ndi khoma, ndipo woumba njerwa asatape dothi m'munsi mwake, ngakhale zitakhala njerwa za tchalitchi.

Mitengo tiidzale kumtunda, m'mbali mwa makwawa odzetsa madzi, pamodzi ndi udzu wa vetiva ndi akalozera m'minda. Imeneyi ndi ntchito imene gulu la amayi lingayambe popanda ndalama zambiri.

Tisaiwalenso ana. M'mbali mwa damu ndi moterera ndipo pansi pake pali matope omata, kotero mwana wodziwa kusambira mumtsinje angathe kumira. Madzi oima amasunga nkhono zofalitsa likodzo ndiponso udzudzu, ndipo si akumwa osawiritsa kapena kuthira mankhwala. Dera la Chilwa kolera timamudziwa.

Mlonda wa kwa Ezekieli anali ndi lipenga, ife tili ndi belu la tchalitchi, mluzu ndi foni. Chofunika n'kugwirizana mvula isanayambe, pamodzi ndi a mfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuti chizindikiro chake n'chiti, tidzathawira pa chitunda chiti, ndipo ndani adzanyamule agogo, odwala, olumala ndi amayi oyembekezera. Pothawa tisatsate khwawa koma tikwere chammbali, ndipo tisabwerere kukatenga mbuzi kapena thumba la mpunga.

Pokambirana m'magulu mwathu tiyankhe mafunso awa. Kodi damu kapena dziwe lapafupi ndi mudzi wathu mwini wake ndani, nanga tikaona vuto tikanene kwa yani? Ndi nyumba zingati zili kumunsi kwake, ndipo mukukhala ndani? Ngati wotseka ngalande yotayira madzi ndi mkhristu mnzathu, mwinanso mwamuna wa mmodzi wa ife, tingamufikire bwanji molingana ndi Mateyu 18:15-17?

Gulu lililonse lisankhe amayi awiri kapena atatu oti akayendere damu sabata ino pamodzi ndi a mfumu kapena nthumwi yawo, ndipo adzapereke lipoti pa msonkhano wotsatira. Mtsogoleri atseke ndi pemphero, pokumbukira mabanja amene anataya abale awo pa namondwe Freddy.