Phunziro kwa Makolo: Kulimbitsa Mtima wa Mwana

Palibe kholo losafuna kuti mwana wake akhale wolimba mtima pa mavuto, koma ambiri asokera njira yake. Ena ayesa kuti mkwapulo ndiwo ulimbitsa mwana; ena ambisira chowawa chilichonse. Tiyeni tione m'mene Margherita Occhiena, mayi wosadziwa kulemba, analerera mwana wake amene lero timtcha Don Bosco woyera.

Giovanni Bosco anabadwa mu 1815 ku Becchi, m'dziko la Italy. Mu 1817, chaka cha njala, bambo wake anamwalira iye asanakwanitse zaka ziwiri. Mwanayo anakana kutuluka m'chipinda cha maliro. Mayi wake sanamnamize, sanamkalipirenso ayi: anamuuza poyera kuti bambo wake palibenso, namgwira dzanja, natuluka naye, onse awiri akulira. Don Bosco atakula analemba kuti ichi ndicho chinthu choyamba chimene anachikumbukira pa moyo wake.

Apa tiimepo pang'ono. Kwathu kuno timva kawirikawiri akulu akuuza mwana wamasiye kuti bambo wake apita ku ulendo. Achita izi mwachifundo, inde. Koma mwanayo ayang'ana kunjira tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lodziwa zoona ataya ziwiri, bambo wake ndi chikhulupiriro chake pa mawu a akulu. Misozi siifooketsa mwana. Chimfooketsa ndi kulira yekha, popanda womgwira dzanja. Ndipo womuopseza kuti mwamuna salira angomphunzitsa kubisa chilonda.

Margherita sanamlekerere mwana wake. Anampatsa ntchito yoweta ng'ombe, namphunzitsa mapemphero ndi katekisimu. Pamene mkangano ndi mkulu wake Antonio unakula, anamtumiza kukagwira ntchito pa munda wa banja la Moglia asanakwanitse zaka 13. Mu 1846 mayi yemweyo anasiya mudzi wake kukathandiza mwana wake, tsopano wansembe, kulera anyamata osowa ku Valdocco mu mzinda wa Turin, nakhala komweko mpaka imfa yake mu 1856. M'nyumba imeneyo Don Bosco anakana kulera ndi zikoti, natsamira pa nzeru, chipembedzo ndi chikondi.

Inu akatekisiti, pakagwa maliro m'mudzi, funsani ngati ana auzidwa, ndiponso ndani akhale nawo usiku wa maliro. Mwana wolephera mayeso kapena wosekedwa ndi anzake mumlole ayambe wanena yekha chimene chamuwawa, musanayambe kumlangiza.