Lole Ikayamba Kumisa pa Msewu wa ku Swang'oma: Mafunso ndi Mayankho

Kodi silinda yakufa imadziwika bwanji?

Malole ambiri onyamula matemba ndi mpunga kuchokera ku Swang'oma, m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa, kupita ku Migowi ndi ku Limbe ndi a dizilo a masilinda 4, monga Canter ndi Dyna. Silinda imodzi ikasiya kuwotcha mafuta, injini imanjenjemera, pachitunda imafooka, ndipo ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa. Injini ikulira, makaniko amamasula pang'ono nati ya paipi ya nozo iliyonse payokha. Kaliridwe kakasintha, silindayo ili moyo. Kakapanda kusintha, yakufa ndi imeneyo. Njirayi ndi ya injini za pampu yakale basi. Pa za common rail musayerekeze, dizilo wake amatha kuboola khungu.

Ndiye kuti nozo ndiyo yafa?

Ambiri amathamangira pamenepo, ndipo ndalama zimatayikira pomwepo. Dizilo sayatsidwa ndi pulagi. Amayaka chifukwa mpweya wapanikizidwa mpaka kutentha. Mpweyawo ukamathawa, ngakhale nozo yatsopano singadzutse silinda. Kuyesa kwake n'kosalira ndalama: sinthanitsani nozoyo ndi ya silinda yoyandikana nayo. Vuto likasamuka, nozo ndiyo yolakwa. Likakhala pomwepo, tsegulani chivundikiro cha matapeti muone ngati sipuling'i yathyoka, pushrod yapindika, kapena mpata wa valavu watha. Mpatawo umayezedwa ndi feeler gauge motsata muyezo wa injiniyo, osati ndi khutu, ngakhale alipo amakaniko onyadira khutu lawo. Tapeti yogogoda imasowetsa mtendere, koma yoopsa ndi yachete. Valavu yopanda mpata sitseka bwino, ndipo popeza ya ekizozi imazizira ikakhudza pamene imakhalira, mpweya wamoto umaidya m'mphepete mpaka kung'aluka. Ikafika apo, ekizozi imamveka kupuma mwaphuma.

Nanga mavalavu akakhala bwino?

Tsegulani potsirira oilo injini ikulira. Utsi wambiri wopemerera pamenepo ukuloza maring'i a pisitoni. Thovu mu radiyeta likuloza gasiketi ya hedi. Kuno maring'i sachedwa kutha, chifukwa m'chilimwe dambo la Chilwa limasanduka fumbi lokhalokha, makamaka nyanja ikaphwa ngati mu 1995 ndi 2018. Fyuluta ya mpweya yong'ambika, kapena paipi yake yomangidwa ndi mphira wa chubu, imalowetsa fumbilo, ndipo limapala masilinda usana wonse.

Koma nsomba sizidikira. Bwanji osangoyenda ndi masilinda atatu?

Funsoli lili ndi nzeru, pakuti mwini katundu walipira kale ndipo msika wa ku Limbe sudikira munthu. Komabe dizilo wosapsa amatsuka oilo m'khoma la silinda n'kutsikira m'sampu, oilo amasungunuka, mabering'i amayamba kudyeka. Ngati sipuling'i yathyoka, valavu itha kugwera pa pisitoni, injini yonse n'kuthera panjira. Matemba ouma angagone usiku umodzi osawonongeka. Kuyeza matapeti ndi ntchito ya sipanala ndi feeler gauge, yotheka pansi pa mtengo. Pisitoni yosweka imafuna kutsitsa injini ndi kukasaka zipangizo ku Blantyre.