Wophunzira wa Yesu Satsiriza Sukulu



Mu Mthenga Wabwino, anthu amene ankatsata Ambuye Yesu amatchulidwa kawirikawiri ndi dzina limodzi: ophunzira. Dzinali talimva kambirimbiri pa Misa mpaka tinaleka kuliganizira. Komatu ngakhale Ambuye atauka kwa akufa, Mzimu Woyera atatsika, buku la Ntchito za Atumwi likupitirizabe kutchula okhulupirira kuti ophunzira. Pa mutu 11 ndime 26 tikumva kuti ku Antiokeya ndi kumene ophunzirawo anayamba kutchedwa Akhristu. Choncho dzina lathu loyamba mu Mpingo ndi lakuti ophunzira, ndipo palibe tsiku limene Ambuye anatichotsera dzinali.

Vuto lathu nali. Ambiri mwa ife tinasiya kuphunzira za chikhulupiriro tsiku limene tinalandira Sakramenti la Ulimbitso. Pa zinthu zina tapita patsogolo: ena tili ndi madigiri, ena tikuyendetsa mabizinesi, ena ndife mabwana ku ntchito. Koma mwana akabwera kuchokera ku Tilitonse n'kufunsa chifukwa chake timapempherera akufa, kapena mnzathu wa mpingo wina akatifunsa za Amayi Maria, timapezeka tikuyankha ndi nzeru za zaka khumi ndi ziwiri. Kusadziwako si tchimo. Choopsa ndi manyazi amene amatiletsa kufunsa, ndi kunyada kumene kumatisankhira munthu woyenera kutiphunzitsa.

Msodzi amvera mmisiri wa matabwa

Ife okhala kufupi ndi nyanja sitivutika kumvetsa nkhani ya pa Luka 5:1-11. Aliyense amene anafikapo pa doko ku Senga Bay m'mawa amadziwa nkhope ya asodzi amene achezera usiku wonse ndi nyali, n'kubwerera ndi bwato lopanda kanthu. Thupi latopa, mafuta apita, kunyumba akudikira. Simoni Petro anali m'nyengo yotero, akutsuka makoka, pamene Yesu anamuuza kuti abwerere kwakuya akaponyenso.

Tikumbukire kuti Yesu anakulira ku Nazareti, mudzi wa kumapiri, ndipo ntchito yake inali ya umisiri wa matabwa. Petro ndiye anali mwini nyanja. Ankadziwa kuti nthawi yabwino yophera nsomba yadutsa. Anali ndi zifukwa zokwanira zoyankhira kuti aliyense akhale pa ntchito yake. Ndipo sanabise maganizo ake: ananena poyera kuti agwira ntchito usiku wonse osapha kanthu. Koma atanena zimene ankadziwa, anasiya malo oti mwina pali zimene sakuzidziwa, ndipo anaponya makoka chifukwa cha mawu a Yesu. Nsomba zinadzaza mabwato awiri. Petro anagwada, ndipo pamenepo ndi pamene analandira maitanidwe ake.

Taonani kuti Ambuye anamuyesa Petro pa chinthu chimene iye ankachidziwa bwino koposa. N'zosavuta kudzichepetsa pa zinthu zimene sitizidziwa. Mphunzitsi savutika kumvera dokotala pa nkhani ya mankhwala. Mayeso enieni amabwera pamene munthu amene timamuona ngati wapansi atiwongolera pa ntchito yathu yomwe, m'banja lathu lomwe, kapena pa udindo umene taugwira zaka zambiri mu parishi.

Phunziro la ku Mbenji

Chitsanzo china chili m'boma lathu lomwe lino la Salima. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse m'nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950 ndipo umayendetsedwa ndi mafumu pamodzi ndi komiti ya asodzi. Pa chilumbapo pali malamulo okhwima: mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya malamulo amachotsedwa. Nthawi yotsekayi imateteza asodzi ku ngozi za nyengo ya mvula, imawapatsa mpata wokalima, komanso imapatsa utaka nthawi yoswana ndi kukula.

Kwa nthawi yaitali, kuyambira m'nthawi ya atsamunda, malamulo a usodzi pa nyanja yathu ankachokera ku maofesi ndi kwa akatswiri a sayansi, ndipo nzeru za asodzi sizinkawerengedwa kwenikweni. Koma pamene nsomba zakhala zikuchepa m'madera ambiri a nyanja, Mbenji yakhala ikutchuka ndi utaka wake. M'zaka zapitazi, ofufuza ochokera ku Mzuzu University ndi ku University of Strathclyde ya ku Scotland anapita kukakhala pansi ndi mafumu, asodzi ndi akuluakulu a deralo kuti amve momwe ntchitoyi imayendera. Anthu a madigiri anatenga makope awo kukalemba zonena za anthu amene ena mwa iwo sanapite patali ndi sukulu.

Sayansi sinachepe chifukwa cha zimenezi. Inapindula. Ofufuzawo anali ndi zipangizo zoyezera nsomba ndi madzi, asodzi anali ndi zaka zambiri zoyang'anitsitsa nyanja, ndipo mbali iliyonse inali ndi chosowa chimene inzake ikanapereka. Makolo athu anati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Ngati zili choncho pa nkhani ya utaka, nanga bwanji pa nkhani ya Mulungu, amene palibe munthu angamudziwe n'kumumaliza?

Apolo, mlaliki amene analola kuwongoleredwa

Pa Ntchito za Atumwi 18:24-28 tikukumana ndi munthu wofanana ndi ambiri a ife ophunzira sukulu. Apolo anali Myuda wa ku Alexandria, mzinda wa ku Ejipito umene unkatchuka ndi maphunziro. Ankadziwa Malembo, ankalankhula mogwira mtima, ndipo ankalalika za Yesu mopanda mantha m'nyumba yamapemphero ku Efeso. Koma chidziwitso chake chinali ndi malire: ankadziwa ubatizo wa Yohane wokha.

Amene anazindikira zimenezi anali Prisila ndi mwamuna wake Akwila, banja losoka mahema. Sanamuchititse manyazi pagulu. Anamutengera pambali n'kumufotokozera njira ya Mulungu momveka bwino. Apolo anamvera. Pambuyo pake anapita ku Akaya kumene anathandiza kwambiri akhristu, kotero kuti Paulo Woyera, polembera Akorinto, anamuyerekeza ndi wothirira mbewu imene iye anabzala.

Nkhaniyi ili ndi maphunziro awiri. Kwa wophunzira sukulu: kuyankhula bwino ndi kudziwa zonse n'zinthu zosiyana, ndipo Mulungu akhoza kukutumizirani mayi wogulitsa usipa pa msika kuti akuuzeni chimene chikusowa. Kwa wowongolera mnzake: chitani monga Prisila ndi Akwila, mwaulemu ndi mwamseri. Anthu ambiri amakana kuphunzira chifukwa anaphunzitsidwa mowanyoza.

Mphakati ndi kalasi yathu

Mpingo unatikonzera kale malo ophunzirirana motere. Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, anali katswiri wa Malembo Oyera wophunzira mpaka ku Roma. Komabe atangoyamba udindo wawo anaitanitsa sinodi ya dayosizi, kuyambira 1973 mpaka 1975, imene inafunsa maganizo a akhristu wamba m'midzi ndi m'matauni. Ntchito imeneyi inathandiza kukhazikitsa miphakati imene tili nayo lero, ndipo mu 1976 maepiskopi a chigawo cha AMECEA anagwirizana kuti miphakati ikhale patsogolo pa ntchito yonse ya utumiki.

Ku mphakati, mkulu wa ku banki ndi mnyamata wa kabaza amakhala pa mkeka umodzi, kumva Mawu amodzi. Koma tinene zoona: m'miphakati yambiri ya m'tauni, amene amabwera mokhulupirika ndi amayi ndi ana. Abambo ambiri ndi achinyamata ogwira ntchito timatumiza chopereka pa foni n'kupepesa kuti tatanganidwa. Ena tikabwera, timabwera kudzayankhula, ndipo wina akamagawana nafe Mawu mwa Chichewa chake chosavuta, maso athu ali pa WhatsApp. Potero timadzimana tokha. Gogo amene waika ana ake atatu m'manda koma akupempherabe Korona tsiku lililonse akudziwa za chiyembekezo zimene sitingazipeze m'buku lililonse.

Akuluakulu nawonso phunziroli likuwakhudza. Namani, mkulu wa asilikali wa ku Siriya, anachira khate chifukwa anamvera kamtsikana kogwidwa ukapolo, kenaka antchito ake (2 Mafumu 5). Wachinyamata akabweretsa ganizo latsopano ku komiti ya tchalitchi, yankho lakuti ife tinayamba kale inu musanabadwe limatseka khomo limene mwina Mzimu Woyera amafuna kulowera.

Kudzichepetsa si kuvomereza zilizonse

Tisasokoneze kudzichepetsa ndi kungomeza chilichonse. Masiku ano pa mafoni athu pamabwera maulaliki, maulosi ndi ziphunzitso za mitundumitundu. Wophunzira wabwino amamvetsera, kenaka amayesa zimene wamva ndi Malembo Oyera ndi chiphunzitso cha Mpingo, ndipo akakayika amafunsa ansembe kapena akatekisiti. Kudzichepetsa sikutanthauzanso kubisa mphatso zathu. Amene amadziwa kuwerengera ndalama koma n'kukana kuthandiza komiti ya zachuma ponena kuti ndine wosayenera, akumana Mpingo chimene Mulungu anamupatsa. Munthu wodzichepetsa amanena zoona za iye mwini: izi ndikuzidziwa ndipo ndizipereka, izi sindikuzidziwa ndipo ndifunsa.

Chitsanzo chathu chachikulu ndi Ambuye mwini. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, makolo ake anamupeza m'Nyumba ya Mulungu atakhala pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kufunsa mafunso (Luka 2:46). Kenaka anabwerera ku Nazareti nakhala womvera Maria ndi Yosefe. Ngati Mwana wa Mulungu sanachite manyazi kufunsa, ife tikuopa chiyani? Paja safunsa anadya phula.

Zoti tichite sabata ino

Choyamba, lembani funso limodzi la chikhulupiriro limene mwakhala nalo nthawi yaitali, ndipo mulipereke kwa Bambo Mfumu, kwa katekisiti kapena ku mphakati. Chachiwiri, pitani ku msonkhano wa mphakati wanu, ndipo mudikire anthu atatu ayankhule inu musanayankhule. Chachitatu, wina akakudzudzulani kunyumba kapena ku ntchito, musayankhe nthawi yomweyo. Gonani nawo mawuwo, muone ngati mulibe choonadi m'menemo.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Ndi anthu otani amene zimativuta kulandira uphungu wawo, ndipo n'chifukwa chiyani?
2. Kodi pa mphakati wathu pali anthu amene sayankhula chifukwa amadziona ngati osaphunzira? Tingawapatse bwanji mpata?
3. Tikafuna kuwongolera mnzathu, timachita monga Prisila ndi Akwila, kapena timamuyalutsa pagulu?

Tipemphere: Ambuye Yesu, Mphunzitsi wathu, tipatseni mtima wa Petro amene anaponyanso makoka pa mawu anu. Tichotsereni manyazi otiletsa kufunsa ndi kunyada kotiletsa kumva, kuti tikuzindikireni mwa aliyense amene mwamutuma kudzatiphunzitsa. Amen.